Asadzadziwane koyamba pabedi la mayi wotaya magazi: mmene mungaphunzitsire ophunzira a zaumoyo kugwira ntchito pamodzi

Mukadzafika pachipatala cha paboma nthawi imene makoleji atumiza ophunzira kukazolowera ntchito m'mawodi, mudzaonetsetse pa nthawi ya nkhomaliro. Ophunzira unamwino akhala pansi pa mtengo wawo. Ophunzira za clinical officer ali pakhonde lawo. Wa ku labu ndi wa ku famase, poti amakhala ochepa, akudyera kuseri kwa zipinda zawo. M'mawa wonse anthuwa anali kuzungulira bedi limodzi, akugwira fayilo imodzi, koma afunseni dzina la mnzawo wa yunifolomu ina, mudzaona akungoyang'anana. Zaka zitatu kapena zinayi zimatha chonchi. Kenako timawapatsa masatifiketi, n'kuwatumiza kuchipatala chaching'ono cha kumudzi, ndipo usiku wina mayi akayamba kutaya magazi timayembekezera kuti agwirizana ngati anakulira nyumba imodzi.

Ndaphunzitsa unamwino ndi uzamba kwa zaka zambiri, ndipo chimene chinanditsegula maso chinachitika m'mawa wina wamba. Wophunzira wanga, mtsikana wakhama kwambiri, anaona kuti mayi amene anabereka pa opaleshoni usiku BP yawo ikutsika ndipo mtima ukuthamanga. Analemba bwinobwino patchati, maulendo atatu. Nthawi yozungulira odwala itakwana anaima kumbuyo, tchati chili m'manja, wophunzira udokotala akufotokoza za mayiwo m'Chingerezi chosalala koma osatchula manambala aja chifukwa sanawaone. Mtsikanayo sanatsegule pakamwa. Mayi aja anabwerera ku fiyeta masana, mochedwa, ndipo mwa chisomo anapulumuka. Nditamufunsa, anayankha kuti, "Madamu, ndimaona ngati si malo anga." Ine ndinamuphunzitsa kuyeza ndi kulemba. Kulankhula pamaso pa anthu a ntchito ina sindinamuphunzitse, ndipo mnyamata ujanso palibe amene anamuphunzitsa kucheuka n'kufunsa namwino.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa chikalata cha nkhani yophunzitsa limodzi ophunzira a ntchito zosiyana za zaumoyo mu 2010, ndipo tanthauzo limene linapereka ndimalikonda chifukwa silinyengeka: ophunzira a ntchito ziwiri kapena kuposerapo aphunzire limodzi, aphunzitsane, ndiponso aphunzire za ntchito ya anzawo. Zitatu zonsezi zikhalepo. Kuthira ophunzira 300 muholo imodzi kuti amvere mphunzitsi akufotokoza za mafupa n'kupulumutsa ndalama chabe, chifukwa akatuluka aliyense amalowera kwawo.

Kwathu kuno mpata ulipo. Kuyambira mu 2021 College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinakhala yunivesite imodzi ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Malawi College of Health Sciences imaphunzitsa ntchito zingapo ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, ndipo makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga a ku Nkhoma, Malamulo ndi Ekwendeni ali khomo ndi khomo ndi zipatala zawo. Ngakhale koleji yanu itakhala ya anamwino okhaokha, ophunzira anu amakumana ndi a makoleji ena m'wodi. Malangizowa ndalembera inu aphunzitsi ndi oyang'anira ophunzira m'mawodi, amene mulibe ndalama za pulojekiti koma mungapeze maola awiri pa sabata kwa masabata 6.

Yambani ndi mphunzitsi mnzanu

Musayambe ndi ophunzira. Pezani munthu mmodzi wa ntchito ina amene amayang'anira ophunzira ake pachipatala pomwepo, kaya clinical officer wamkulu, kaya katswiri wa ku labu, mumwe naye tiyi. Ikani ndandanda zanu patebulo, muone masabata amene ophunzira anu onse ali pamalopo nthawi imodzi. Apa m'pamene mapulani ambiri amafera: ena ali pa mayeso, ena ali pa usiku, ena apita kumidzi. Sankhani tsiku limodzi masana, wodi ikakhala bata, monga Lachitatu kuyambira 2 koloko. Kenako pitani nonse awiri kwa a metironi ndi kwa mkulu wa madokotala kukapempha chilolezo. Akakuonani muli awiri, amadziwa kuti si nkhani ya mbali imodzi.

Gwirizanani za malire. Cholinga si choti namwino asanduke dokotala kapena wa ku famase ayambe kubereketsa. Ntchito iliyonse ili ndi malamulo ake: Medical Council of Malawi, Nurses and Midwives Council of Malawi ndi PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala ndi a ku famase, aliyense amasunga malire a anthu ake. Chimene tikufuna n'choti wophunzira adziwe pamene ntchito yake yathera, adziwe amene amayambira pamenepo, ndipo adziwe kumuitana kwake.

Ndinene chinthu chimodzi chowawa. Ophunzira satenga kunyozana m'mabuku, amakutenga pakamwa pathu. Mphunzitsi wa unamwino akamati "madokotala amangolemba n'kuthawa", kapena dokotala akamati "anamwino amangokhala pa desiki", ana amamva ndipo amasunga. Pangani pangano ndi mnzanuyo kuti pa masabata amenewa mawu otere satuluka, ndipo pamaso pa ophunzira muzifunsana maganizo moonekera. Wophunzira akaona mphunzitsi wake akunena kuti "apa sindikudziwa, tifunse a ku labu", waphunzira zambiri kuposa zimene mukanalemba pabolodi.

Sankhani wodwala amene munthu mmodzi sangamuthe

Phunziro lonse liime pa nkhani ya wodwala, osati pa mutu wa m'buku. Muyeso wake ndi uwu: ngati wophunzira mmodzi wanzeru angathe kuyankha zonse yekha, nkhaniyo siyoyenera. Lembani nkhani ziwiri kapena zitatu zochokera m'wodi mwanu momwemo, mutachotsa maina ndi midzi.

Tengani agogo amene agwidwa ndi sitiroko, ali ndi shuga, ndipo akuyenera kutuluka Lachisanu. Wophunzira udokotala adziwa za mankhwala a BP. Wa unamwino ndiye waona kuti akamamwa phala amatsamwa, ndiponso kuti pamatako payamba kufiira chifukwa chogonera mbali imodzi. Wa mafizo adziwa mmene angawadzutsire osawazula phewa. Wa za kadyedwe afunsa chimene chili m'nkhokwe kwawo. Kapena tengani bambo amene ali pa ma ARV ndipo awapeza ndi TB: wa ku famase ndiye akumbutse anzake kuti rifampicin, mankhwala a TB, amachepetsa mphamvu ya ARV yotchedwa dolutegravir m'thupi, moti wodwalayo afunika kumwa dolutegravir kawiri pa tsiku.

Njira imene imagwira ntchito kwambiri ndi yogawa nkhaniyo. Aliyense mumupatse pepala lokhala ndi gawo la ntchito yake yokha: uyu zotsatira za ku labu, uyu tchati cha usiku, uyu zimene gadiyani wanena. Musawauze kuti mapepalawo ndi osiyana. Poyamba amakangana chifukwa aliyense akuganiza kuti mnzake sanawerenge bwino. Pakapita mphindi 10 wina amafunsa kuti, "Kodi pepala lako likuti chiyani?" Funso limenelo ndi limene mumalifuna.

Magulu ang'onoang'ono, ndipo maina choyamba

Gulu likhale la anthu 6 mpaka 8, ntchito zosachepera zitatu. Yesetsani kuti akhale a msinkhu wofanana pa maphunziro. Mukaika wa chaka chomaliza cha udokotala pamodzi ndi wa chaka choyamba cha unamwino, mwangolimbitsa chimene mumafuna kuchigwetsa. Ngati ophunzira a ntchito ina alipo awiri okha, musawagawe mmodzimmodzi m'magulu akulu momwe akasowe chonena, bola akhale awiriwo m'gulu limodzi n'kumasinthana magulu sabata ndi sabata.

Tsiku loyamba aliyense atchule dzina lake, zimene amaphunzira, ndi chinthu chimodzi chimene amalakalaka anthu a ntchito zina atachidziwa chokhudza ntchito yake. Ena adzaona ngati n'zachibwana. Auzeni za mndandanda wa chitetezo cha ku fiyeta umene WHO inatulutsa mu 2008. Mwa mfundo zake 19, imodzi ndi yoti mpeni usanakhudze khungu, aliyense m'chipindamo atchule dzina ndi ntchito yake. Atauyesa m'zipatala 8 za maiko osiyanasiyana, chimodzi mwa izo cha ku Ifakara ku Tanzania, imfa za pambuyo pa opaleshoni zinatsika kuchoka pa 15 kufika pa 8 mwa odwala 1,000 aliwonse. Si maina okha anachita zimenezi, koma munthu amene walankhulapo kamodzi m'chipinda savutika kulankhulanso akaona cholakwika. Kuyambira tsiku limenelo, letsani kuitanana kuti "iwe nesi" kapena "a labu inu".

Atsatire kabotolo ka magazi

Sabata yachiwiri ndi yoyenda. Atumizeni awiriawiri, a ntchito zosiyana, wina atsatire mnzake theka la tsiku, mawa lake asinthane. Wotsatirayo sagwira ntchito, amangoona ndi kufunsa.

Ulendo umene ndimaukonda ndi wa kabotolo ka magazi. Wophunzira amene watenga magazi m'wodi apite nawo yekha ku labu, akaime pamenepo mpaka zotsatira zitatuluka. Akaona ndi maso ake chifukwa chimene kabotolo ka chivindikiro chapepo kamafunika kukatembenuza pang'onopang'ono magazi akangolowa: akagwirana, makina sangawerenge, ndipo mwana uja abayidwanso kachiwiri. Akaona chifukwa chimene a ku labu amabwezera kabotolo kopanda dzina ngakhale muwachonderere motani: kuika munthu magazi a gulu lolakwika kumapha. Akatsegulirenso furiji aone mapainti amene atsala kuchokera ku Malawi Blood Transfusion Service, mwina awiri okha a gulu O pa chipatala chonse. Wophunzira ameneyo sadzaimbanso foni mokalipa kuti "zotsatira zija zili kuti". Nayenso wa ku labu abwere kuwodi adzaone nkhope ya mwana amene Hb yake (muyeso wa kuchepa kwa magazi) yatsika kufika pa 4, kuti nambala imene amalemba papepala ikhale ndi mwini wake, ndipo adziwe kuti nambala yotere amathamanga nayo, sadikira kuti wina adzaitenge.

Ku famase akaone pepala la mankhwala a mwana lopanda kulemera kwa mwanayo, ndi zolemba zosawerengeka. Ngati mungathe, atumizeninso tsiku limodzi ndi mlangizi wa zaumoyo kusikelo ya kumudzi. Ambiri mwa ophunzira athu sadziwa kutalika kwa mtunda umene uli kuseri kwa mawu akuti "mubwerenso pakatha masabata awiri".

Musaiwale anthu amene alibe satifiketi ya koleji. Njira ya ETAT yosankhira msanga ana odwalitsitsa imanena kuti ngakhale mlonda wa pageti, kalaliki ndi wokolopa aphunzitsidwe kuzindikira mwana amene sangadikire pamzere. Ku Gulupu ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake atakonzanso malo olandirira ana mu 2001 n'kuphunzitsa ogwira ntchito njira imeneyi, imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pa 10 mpaka 18 kufika pa 6 mpaka 8 mwa ana 100 aliwonse.

Apatseni mawu oti anene

Sabata yachitatu ndi pamene pali mtima wa nkhani yonse, ndipo ndikupemphani mutayepo nthawi. Tinaleredwa kuti mwana sayankha akulu, ndipo ulemu umenewu ndi wabwino. Koma m'chipatala umasanduka chete amene amapha. Kuuza wophunzira kuti "uzilimba mtima" sikuthandiza. Mupatseni mawu enieni, aulemu, oti awayeseze mpaka azituluka okha ngakhale miyendo ikunjenjemera.

Choyamba ndi kapereke ka lipoti. Njira ya SBAR, imene zipatala zinatengera kwa asilikali a sitima za pansi pa madzi ku America, ili ndi magawo anayi: vuto limene lilipo pano, mbiri yake mwachidule, zimene ndapeza ndi mmene ndikuganizira, ndi chimene ndikupempha. Mtsikana wanga uja akanatha kunena chonchi:

"Adokotala, ndine wophunzira uzamba, ndili kuwodi ya amayi obereka kumene. Mayi a pabedi 4 BP yawo yatsika kufika 85/50, mtima ukugunda ka 124 pa mphindi. Anachitidwa opaleshoni 2 koloko usiku, aka n'kachisanu kubereka. Mimba yatupa, m'maso mwayera, ndikuganiza kuti akutaya magazi m'kati. A Sisita ndawauza kale ndipo akuika diripi yachiwiri. Ndikupempha mubwere tsopano lino."

Masekondi 30 okha. Gawo lachitatu ndi lachinayi ndi amene ophunzira unamwino amawadumpha, poopa kuti akanena maganizo awo aoneka odzikuza. Aumirizeni. Ayeseze atakhala mofulatirana ngati ali pafoni, m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe, chifukwa ena amakhala chete osati posowa nzeru koma poopa kuphonya Chingerezi pagulu.

Chachiwiri ndi kubwereza lamulo. Wotsogolera atchule dzina la munthu, osangoponya mawu m'malere kuti "wina abweretse diripi". Wolandirayo abwereze zimene wamva, dzina la mankhwala ndi mlingo wake, ndipo akamaliza anene kuti "ndapereka". Mukadzayesa mudzadabwa kuchuluka kwa malamulo amene amagwera pansi chifukwa aliyense amaganiza kuti mnzake wamva.

Chachitatu ndi masitepe atatu a kukana mwaulemu, ochokera ku maphunziro a TeamSTEPPS amene anayamba ku America mu 2006. M'chinenero chathu ndimawaphunzitsa motere. Poyamba: "Pepani adokotala, ndili ndi nkhawa ndi mlingo uwu." Akapanda kumva: "Ndibwerezenso, mtima wanga sukundilola kupereka mankhwalawa, mwanayu ndi wa makilogalamu 8." Akapitirizabe: "Tiime kaye, apa pali ngozi kwa wodwala, ndikuitana a Sisita." Wophunzira adziwe kuti akafika pa sitepe yachitatu, inu mphunzitsi wake muli kumbuyo kwake ngakhale zitapezeka kuti iyeyo ndiye sanamvetse.

Ndipo musaphunzitse mbali imodzi yokha. Wouzidwayo nayenso ali ndi mawu ake oti aphunzire: "Zikomo, tandiuzani zimene mwaona." Wophunzira udokotala kapena clinical officer ayeseze kuima, kucheuka, n'kunena mawu amenewa nkhope isanachite tsinya. Namwino amene wakalipiridwa kamodzi chifukwa cholankhula amatha zaka ali duu.

Sewero la ngozi

Sabata yachinayi chitani sewero. Ine ndimasankha mayi wotaya magazi atangobereka, chifukwa limafuna manja ambiri nthawi imodzi ndipo palibe amene angabisale. Ngati muli ndi chidole chophunzirira uzamba cha MamaNatalie, chabwino. Ngati mulibe, mphunzitsi mmodzi agone pabedi atafunda chitenje, pilo pamimba, ndipo pakhale botolo la madzi ofiiritsidwa ndi utoto wa zakudya.

Musanayambe, thirani madziwo pazitenje ndi pamathonje mosiyanasiyana, ophunzira aganizire kuchuluka kwake. Ambiri amatchula nambala yochepa kuposa yeniyeni. Aonetseni mmene 500 ml imaonekera ikamwerera m'chitenje, chifukwa pamenepo m'pamene timati mayi akutaya magazi mopitirira. Kafukufuku wa E-MOTIVE wa mu 2023, amene anachitika m'zipatala pafupifupi 80 ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania, anaonetsa kuti kuyeza magazi ndi pulasitiki yokhala ndi mizere, n'kupereka chithandizo chonse nthawi imodzi m'malo modikira kuona ngati choyamba chagwira, kunachepetsa kutaya magazi koopsa ndi zotsatira zake ndi 60 peresenti. Mawu akuti "nthawi imodzi" ndi amene akutikhudza ife. Munthu mmodzi sangasisite chiberekero, kubaya oxytocin wolimbitsa chiberekero, kuika makanyula awiri, kupereka tranexamic acid wochepetsa kutaya magazi, kutulutsa mkodzo, kuyang'ana ngati pang'ambika ndi ngati nsengwa yatuluka yonse, zonsezi pakamodzi.

Gawani ntchito molingana ndi maphunziro awo. Wophunzira uzamba ndiye amakhalapo poyamba, choncho aitane thandizo ndipo atsogolere mpaka atapereka utsogoleriwo ndi mawu omveka. Musalole kuti wovala jasi loyera akangolowa, onse aleke kuganiza. Wa ku famase aonetsetse kuti oxytocin wachokera m'furiji ndiponso akumbutse kuti tranexamic acid amathandiza akaperekedwa maola atatu asanathe chiberekereni. Wa ku labu alandire kabotolo, akabweze ngati kalibe dzina. Wina alembe nthawi ya chilichonse. Wina, ndipo uyu amaiwalika kawirikawiri, alankhule ndi mayiyo ndi apongozi ake amene ali pakhomo. Milingo ya mankhwala tengani m'malangizo atsopano a Unduna wa Zaumoyo, muwapachike pakhoma. Sewero si mayeso a kuloweza.

Bisanimo msampha umodzi. Uzani mwachinsinsi mphunzitsi amene akusewera ngati dokotala wamkulu kuti alamule chinthu cholakwika, mwachitsanzo atchule mlingo wolakwika kapena anene kuti "tidikire kaye tione" BP ikugwa. Kenako onani amene alankhule. Ulendo woyamba nthawi zambiri palibe. Mudzaona awiri akuyang'anana, wina akutsegula pakamwa n'kutsekanso.

Sewerolo litenge mphindi 10. Kukambirana kwa pambuyo pake kutenge mphindi 20 kapena 30, chifukwa phunziro lenileni lili mmenemo. Khalani mozungulira, aphunzitsi nawonso pansi pamodzi ndi ophunzira, mafoni m'thumba kuti pasapezeke kanema wa wina pa WhatsApp madzulo. Yambani ndi funso lakuti "mwamva bwanji m'thupi?", ndipo woyamba kuyankha akhale amene analankhula zochepa. Pofunsa za cholakwika, nenani zimene munaona kenako funsani chimene chinali m'mutu mwake: "Ndinaona kuti unayang'ana botolo kawiri pamene mlingo unatchulidwa. Unkaganiza chiyani nthawi imeneyo?" Yankho limakhala lakuti, "Ndinadziwa kuti ndi wolakwika, koma ndinati mwina iwo akudziwa zimene ine sindidziwa." Musathamangire kumulangiza. Funsani gulu kuti ndi angati anaganiza chimodzimodzi, muone manja akukwera. Mukatero bwerezani sewero lomwelo tsiku lomwelo, kuti apite kunyumba atalawa mmene zimakhalira zikayenda bwino.

Tsopano wodwala weniweni

Ku Linköping m'dziko la Sweden anatsegula mu 1996 wodi imene ophunzira udokotala, unamwino, mafizo ndi ena amaiyendetsa limodzi kwa masabata awiri, akuluakulu akuyang'anira chapatali. Ife mwina sitingapeze wodi yathunthu, koma mabedi anayi a pakona tingawapeze. Masabata awiri omaliza, gulu lililonse lipatseni odwala awiri kapena atatu, mutapempha chilolezo kwa odwalawo ndi kwa sisita woyang'anira wodi.

M'mawa gululo likumane mphindi 10 chiimirire, ligwirizane za tsikulo. Pozungulira odwala, woyamba kulankhula akhale amene anali ndi wodwalayo nthawi yaitali, amene kawirikawiri ndi wophunzira unamwino, ndipo wotsogolera azisintha tsiku ndi tsiku. Asanachoke pabedi, wotsogolera afunse aliyense pomutchula dzina ngati ali ndi choonjezera. Pomaliza mmodzi agwade kapena akhale pafupi, afotokoze m'chinenero cha wodwalayo zimene zagwirizanidwa. Gadiyani amene wagona pansi pa bedi masiku onsewa ndi wa m'gulu lomweli: ndiye akudziwa kuti agogo sanakodze chiyambire dzulo, ndipo ndiye akawatembenuze kunyumba. Afunseni mwaulemu kuti, "Mayi, inu mwaona zotani usiku?"

Ntchito yaikulu ya gulu ikhale pulani imodzi yotulutsira wodwala, yolembedwa papepala limodzi, osati aliyense tsamba lake. Ifotokoze mankhwala ndi kumene akawapeze akatha, mafizo amene gadiyani waonetsedwa ndipo wayesa pamaso pawo, zakudya zimene zilipodi kwawoko, tsiku lobwerera, ndi uthenga wopita kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lawo. Zofunika zilowe m'buku la kuchipatala la wodwalayo ndi zilembo zowerengeka. Chilichonse chokhudza mankhwala ndi chithandizo chisainidwe ndi wogwira ntchito wovomerezeka. Ophunzira amaganiza ndi kupereka maganizo, koma udindo ukhalabe pa inu.

Ikanipo malikisi

Ophunzira athu ndi otanganidwa ndipo amadziwa kuwerengera. Chinthu chopanda malikisi amachiika kumapeto, ndipo sindiwaimba mlandu. Kambiranani ndi makoleji kuti gawo laling'ono la malikisi a m'wodi lichokere pano, ndipo likhale lofanana kwa onse. Zikakhala kuti kwa anamwino n'zokakamiza koma kwa ena n'zongofuna, mwaphunzitsa kale kuti ntchito ina ndi yoposa inzake. Za alawansi nenani poyera tsiku loyamba kuti palibe, chifukwa ili ndi phunziro ngati ena onse.

Poyesa, musafunse mafunso a papepala okhudza ubwino wa mgwirizano, aliyense amakhoza amenewo. Imani pakona ndi pepala la zinthu zooneka ndi maso: kodi anadzitchula dzina ndi ntchito, anapereka lipoti lokhala ndi pempho lomveka, anabwereza lamulo, anafunsa maganizo a wa ntchito ina, analankhula ataona cholakwika, anamvetsera atauzidwa? Oyesa akhale awiri a ntchito zosiyana, ndipo aliyense ayese ophunzira a mnzake. Perekani malikisi a gulu pa pulani yotulutsira wodwala ija, ndi a munthu payekha pa zimene mwaona, kuti waulesi asakwere pamsana pa anzake.

Tsiku lomaliza aliyense alembe pakapepala zinthu ziwiri: chimene sankadziwa chokhudza ntchito ya mnzake, ndi chimene chinamusowetsa mtendere m'masabatawa. Mapepala a funso lachiwiriwo muwawerenge ndi mphunzitsi mnzanu uja, chifukwa ndi amene adzakuuzeni ngati gulu lina linaponderezedwa inu osaona. Funsaninso sisita wa wodi ngati mabedi anayi aja anamuonjezera ntchito kapena anamupepukitsira. Mukatero tengani ndandanda za gulu lotsatira makoleji asanazisindikize, ndipo Lachitatu loyamba mulilembe nonse awiri musanadzuke patebulopo.